Ndani amauza atomu kuti nthawi yakwana?

Chaka chilichonse tikafika pa mutu wa radioactivity, kusweka kwa maatomu ena okha akutulutsa cheza, mu Fomu 4, ndimadziwiratu kuti funso lina lake libwera. Ndimakhala nditalemba pa bolodi kuti uranium-238, yomweyi ili m'miyala ya ku Kayelekera ku Karonga, ili ndi half-life ya zaka pafupifupi 4.5 biliyoni: mukaunjika maatomu ake ochuluka, zaka zimenezi zikatha theka limakhala litasweka, theka likadalipo. Ana amakopera mwakachetechete, atadzikuta m'majuzi chifukwa cha kuzizira kwa Mzuzu. Ndiye wina amakweza dzanja. "Aphunzitsi, nanga atomu imodziyo imadziwa bwanji kuti lero ndi tsiku lake?"

Buku limati zimangochitika mwa maere, palibe angalosere. Yankho limeneli si labodza, ndipo pa mayeso a MSCE limakwanira. Koma kuseri kwake kuli nkhani imene akatswiri a Physics akhala akukangana kwa zaka pafupifupi 100, mpaka lero osamvana. M'kalasi belu limalira tisanaifike. Ndiye ndati ndiilembe pano mofatsa.

Ndiyambe ndanena ichi kuti wina asandimve molakwa: quantum mechanics, sayansi ya tinthu tating'onoting'ono monga maatomu ndi maelekitironi, si sayansi yogwedera. Inaima pa miyendo yake mu 1925, pamene Werner Heisenberg, mnyamata wa zaka 23, anapeza masamu ake oyamba ali pa kachilumba ka Helgoland, ndipo mu 1926 Erwin Schrödinger analemba equation imene imadziwika ndi dzina lake. Chiyambire palibe kafukufuku amene waigwetsa. Masola amene ali pa madenga ku Zolozolo ndi ku Mchengautuwa, mababu a LED, timatransistor ta m'foni imene mukuwerengerapoyi, zonsezi anazipanga anthu odalira masamu amenewa. Mphamvu ya maginito ya elekitironi, akaiwerengera pa pepala n'kukaiyeza mu labotale, manambala amafanana mpaka malo oposa 10 kuseri kwa kadontho. Mayankho ake ndi olondola. Chovuta chili pa malamulo amene timatsata kuti tifike pa mayankhowo, chifukwa malamulowo alipo awiri, ndipo sagwirizana.

Loyamba ndi ili. Kanthu kalikonse kakang'ono, kaya elekitironi kaya atomu, timakafotokoza ndi chimene amachitcha wavefunction, funde la m'masamu limene lasenza zonse zimene tinganene za kanthuko. Funde limeneli limasintha motsata equation ya Schrödinger, ndipo limasintha mosalala, osadumpha, popanda maere alionse. Mukadziwa mmene lilili m'mawa, mutha kuwerengera ndendende mmene likhalire madzulo. Lili ndi khalidwe limodzi loti muligwiritsitse: ngati kanthu kangathe kukhala mwakuti, ndipo kangathenso kukhala mwakutimwakuti, ndiye kuti kangathe kukhala mophatikiza ziwirizo. Kuphatikizana kumeneku ndiko superposition.

Mu 1928 George Gamow anatenga lamulo limeneli n'kufotokoza mmene atomu ngati ya uranium imalavulira kachidutswa kotchedwa alpha. Kachidutswako n'kotsekeredwa mkatikati mwa atomu ndipo kalibe mphamvu zokwanira kulumpha mpanda. Koma funde lake silithera pampandapo, limadontha pang'onopang'ono kutulukira kunja. Masamu a Gamow anagwirizana ndi ma half-life amene anthu anali atayeza kale. Tsono taonani chimene masamuwo akunena. Mmenemo atomu sikhala yathunthu kenaka tsiku lina n'kusweka. Tsiku ndi tsiku mbali ya funde yakuti "sinasweke" imachepa pang'ono, mbali yakuti "yasweka" imakula pang'ono, ndipo zonse ziwiri zilipo pamodzi. Mu equation ya Schrödinger mulibe mphindi imene mungaloze ndi chala n'kunena kuti apa ndiye zachitika.

Ikani makina a Geiger, ozindikira cheza cha maatomu osweka, pafupi ndi mwala wa uranium. Amalira, ke! Kenaka zii. Kenaka ke-ke! Kulira kulikonse kuli ndi nthawi yake yoti mutha kuilemba pa wotchi, ndipo kulira kumeneku m'lamulo loyamba mulibe. Panafunika lachiwiri. Max Born, mu 1926, anati kukula kwa funde pa mbali iliyonse ndiko kumatiuza mwayi wopeza yankho limenelo tikayeza. Ntchito imeneyi inadzamupatsa mphoto ya Nobel mu 1954. Ndipo mukangoyeza, yankho limodzi likatuluka, mbali zina zonse za funde mumazifufuta n'kuyambiranso kuwerengera kuchokera pa mbali yatsalayo. Kufufuta kumeneku ndiko amati collapse, kugwa kwa wavefunction. Kumachitika mwadzidzidzi, mwa maere, ndipo sikubwerera m'mbuyo, pamene lamulo loyamba lilibe chilichonse mwa zitatuzi. John von Neumann anawalemba malamulo awiriwa moyandikana mu 1932, poyera, osabisa kuti ndi osiyana.

Nanga loyamba limalekera pati kuti lachiwiri liyambe? Mabuku amati, "pamene mwayeza." Chabwino. Koma makina a Geiger ndi chiyani? Ndi kachubu, mkati muli mpweya ndi waya, kunja batire ndi sipika. Zonsezo ndi maatomu. Ngati atomu iliyonse imamvera Schrödinger, khamu la maatomu liyeneranso kumumvera. Mukawalola masamu ayende osawadula, amakupatsani izi: mbali imodzi atomu sinasweke ndipo makina ali chete, mbali ina atomu yasweka ndipo makina alira. Onjezanipo khutu la womvetsera, nalonso ndi maatomu. Mbali imodzi wamva, mbali ina sanamve. Unyolowu ulibe pothera. Komatu palibe munthu anamvapo makina akulira ndi kukhala chete nthawi imodzi.

Apa ndiye pagona nkhani. Pali mfundo zitatu, iliyonse yooneka yanzeru payokha: kuti wavefunction imanena zonse za chinthu, kuti nthawi zonse imamvera equation ya Schrödinger, ndi kuti tikayeza timapeza yankho limodzi. Katswiri wa filosofi Tim Maudlin anaziyala motere mu 1995 n'kuonetsa kuti sizingakhale zoona zonse pamodzi. Imodzi iyenera kutayidwa, ndipo sanamvane kuti iti. Mu 2025, chaka chimene United Nations inachipatula kukumbukira zaka 100 za quantum mechanics, magazini ya Nature inafunsa akatswiri oposa 1,000 mmene amaimvera nkhaniyi. Palibe mbali imene inafika ngakhale theka.

Ana anga akamva izi amathamangira yankho limene aliyense woganiza bwino angathamangire. Amati, aphunzitsi, vuto palibe, zili ngati zotsatira za mayeso. Zisanatuluke umati mwina ndakhoza mwina ndalephera, koma mapepala anachongedwa kalekale. "Mwina" ameneyo ali m'mutu mwako mokha, ndipo tsiku loona dzina pa bolodi palibe chimene chagwa, wangodziwa chimene chinalipo kale. Albert Einstein nayenso ankaganiza chapomwepo. Analembera Born mu 1926 kuti sakhulupirira kuti Mulungu amachita maere, ndipo mpaka imfa yake ankaona wavefunction ngati chithunzi chosakwanira chimene pansi pake pali zenizeni zimene sitinazione. Anawa ali ndi mnzawo wamkulu.

Koma chilengedwe chinakana kuti zikhale zosavuta chomwecho. Tengani chotchinga chokhala ndi timipata tiwiri toyandikana, kuseri kwake muike sikirini yoonetsa kadontho paliponse pamene elekitironi yagunda. Ponyani maelekitironi imodziimodzi, motalikitsa nthawi kuti ina isakumane ndi inzake m'njira. Gulu la Akira Tonomura ku Hitachi, ku Japan, linachita zotere mu 1989 pogwiritsa ntchito kawaya kopyapyala kogawa njira pawiri. Poyamba timadontho timagwa apa ndi apo mwachisawawa. Tikafika masauzande ambiri, timaunjikana m'mizere: wowala, wakuda, wowala, wakuda. Mizere yotere ndi chidindo cha mafunde. Imabwera funde likadutsa njira ziwiri n'kukakumana kutsogolo, pena n'kuwonjezerana, pena n'kufafanizana. Tsono mvetsetsani apa. Pamalo pamene pali mzere wakuda, maelekitironi amafikapo bwinobwino mukatseka mpata umodzi. Mukatsegula wachiwiri amasiya kufikapo. Mwawonjezera khomo, ofika achepa. Zikanakhala kuti elekitironi iliyonse imangodutsa mpata umodzi yokhayokha, ife n'kungokhala osadziwa kuti uti, mpata winawo sukanaikhudza. "Mwina" wa m'mutu mwa munthu sangafafanize "mwina" mnzake pa sikirini. Mbali ziwiri za funde zimagwira ntchito yooneka ndi maso.

Ndipo mukaika chida choti chikuuzeni mpata umene elekitironi yadutsa, chimakuuzani ndithu, uwu kapena uwo, koma mizere ija imazimiririka.

Makina otere kusukulu tilibe, koma pali kanthu kamene ndimachita ndi ana. Anyamata okonza mafoni m'tauni amataya masikirini osweka, ndipo pa sikirini ya LCD pamakhala kapepala kapulasitiki kotchedwa polariser, kamene kamalola kuwala kogwedezekera mbali imodzi yokha. Mukasanjikiza tiwiri mopingasa, kumakhala bii. Lowetsani kachitatu pakati pake mopendeketsa madigiri 45, kuwala kumabwerera. Ana amafuula nthawi zonse, ndipo amalimbirana kuti ayese okha. Ndimawauza chilungamo kuti pa kuwala kochuluka chonchi Physics yakale ya mafunde imatha kufotokozanso zimenezi. Koma zimachitika chimodzimodzi kuwala kukamadutsa photon (kachidutswa kochepetsetsa ka kuwala) imodziimodzi, ndipo pamenepo tanthauzo lake ndi lakuti kapepala kapakati kamachita zoposa kusefa. Kamafunsa photon funso latsopano, photon n'kuyankha, yankho lake lakale n'kufufutika. Kuyeza kumasiya chinthu chitasintha.

Amene anaiyesa komaliza mfundo ya mayankho olembedwa kale ndi John Bell, wa ku Belfast, amene ankagwira ntchito ku CERN, labotale yaikulu ya Physics ku Ulaya. Mu 1964 anaonetsa kuti ngati tinthu tiwiri tobadwira limodzi timanyamula mayankho kuchokera pobadwa, ndipo chochitikira kamodzi sichikhudza kanzake kali kutali, ndiye kuti kugwirizana kwa mayankho awo kuli ndi malire osadumphika. Quantum mechanics inkalosera kuti malirewo adumphidwa. John Clauser ndi Stuart Freedman anayeza mu 1972, Alain Aspect ku France mu 1982, ndipo mu 2015 gulu la ku Delft ku Netherlands linatseka mipata yokayikitsa imene inatsala, pogwiritsa ntchito maelekitironi otalikirana makilomita 1.3. Malire anadumphidwa. Mu 2022 Aspect, Clauser ndi Anton Zeilinger analandira Nobel. Kuyambira pamenepo, aliyense wofuna kusunga mayankho olembedwa kale ayenera kulipira mtengo: avomereze kuti tinthu totalikirana timakhudzana pompopompo, chinthu chimene Einstein ankadana nacho koposa.

Za mphaka wa Schrödinger mwina munamvapo. Anthu amamutchula ngati chozizwitsa chimene Schrödinger ankaphunzitsa, chikhalirecho iye analemba mu 1935 ngati dandaulo. Mphaka m'bokosi, kachidutswa ka chinthu cha radioactive, makina a Geiger, kanyundo, kabotolo ka poizoni. Ndi unyolo womwe uja, kungoti kumapeto kwake anamangirirako chamoyo kuti aliyense aone kumene masamu akupita mukawatsata osaima. Niels Bohr ndi anzake a ku Copenhagen ankati zida zoyezera tiyenera kuzifotokoza m'malankhulidwe a tsiku ndi tsiku, ndipo penapake pakati pa atomu ndi chida pamadulidwa mzere. Pati? Paliponse pamene pakuthandiza kuwerengera. Kwa injiniya yankho limeneli ndi lokwana, ndipo mibadwo ya ophunzira inaleredwa ndi mwambo wakuti khala chete, werengera. Bell sanakhutire mpaka imfa yake mu 1990. M'nkhani imene inatuluka chaka chomwecho anafunsa ngati wavefunction ya dziko inadikira zaka mabiliyoni kuti kabwere kamoyo koyamba kodzaigwetsa, kapena inadikirabe mpaka patabwera woyeza wa digiri ya PhD. Ine ndili kumbali ya Bell. Lamulo lenileni la chilengedwe liyenera kunena lokha nthawi imene likugwira ntchito, osasiyira woliwerenga kuti asankhe.

Mpata umene akatswiri anausiya, amalonda analowapo, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya m'mabuku. Mayi ena a kutchalitchi kwathu anandionetsa chipepala chachitali chimene anawasindikizira m'kaofesi kena m'tauni muno. Anawagwiritsa kachitsulo m'manja, kolumikizidwa ku laputopu, kwa mphindi zochepa, ndipo makinawo, amene ankawatcha a quantum, akuti anaona chiwindi, impso, mafupa ndi magazi zonse. Mankhwala ake anali pa shelefu pomwepo, okwera mtengo kuposa phindu limene mayiwo amapeza pamwezi ndi geni yawo ya tomato. "Aphunzitsi, inu mumadziwa za sayansi, kodi ndili bwanji?" Ndinawapempha kuti pepalalo alisiye, apite kuchipatala akawayeze zenizeni. Pa WhatsApp napo pamayenda timavidiyo toti sayansi yatsimikiza kuti maganizo ako ndiwo amaumba dziko, ukangoganiza chuma chibwera. Zimandiwawa, chifukwa olipira bodza limeneli ndi anthu amene alibe zambiri.

Bodzali lili ndi kamuzu kake m'mbiri. Eugene Wigner, katswiri weniweni amene analandirapo Nobel, analemba mu 1961 kuti mwina unyolo uja umaduka ukafika pa maganizo a munthu. Pambuyo pake iye mwini anaisiya mfundoyi, ndipo kafukufuku sakuithandiza. Ku Vienna mu 1999, gulu la Markus Arndt ndi Zeilinger linaona mizere ija ndi mamolekyu a maatomu 60 a carbon. Mu 2004 anatenga a maatomu 70 n'kumawatenthetsa ndi laser asanadutse. Molekyu yotentha imatulutsa kuwala, ndipo kuwalako kumanyamula uthenga wa pamene molekyuyo ili. Kutentha kukamakwera, mizere inkafota mpaka kutha. Palibe munthu anayang'ana kuwala kumene kunatulukako, kunangothera m'makoma a makinawo. Chimene chinapha mizere n'chakuti uthenga unatuluka, kaya wina auwerenga kaya ayi. Miyala nayo ndi mboni. Mwa apo ndi apo atomu ya uranium imang'ambika pakati yokha ili mkati mwa mwala wa zircon kapena apatite, ndipo zidutswa zake zimasiya kanjira kamene kamaoneka pa maikulosikopu akaupaka asidi mwalawo. Akatswiri a miyala amawerenga tinjira timeneti kuti adziwe mbiri ya mwala. Kanjira kalikonse ndi atomu imodzi, pamalo amodzi, zaka mamiliyoni munthu asanaponde dziko.

Zimene zinachitika ku Vienna zili ndi dzina, decoherence. Dieter Zeh anayamba kuzifotokoza mu 1970, Wojciech Zurek n'kuzikulitsa m'zaka za m'ma 1980, ndipo Serge Haroche ku Paris anaziona zikuchitika pang'onopang'ono mu 1996. Chinthu chachikulu sichikhala chokha. Mpweya ukuchigunda, kuwala kukuchigunda, ichonso chikutulutsa kutentha, ndipo kugunda kulikonse kumatola kauthenga n'kupita nako. Kafumbi kamodzi ka choko kouluka m'kalasi kamagundidwa kochuluka moti mbali ziwiri za funde lake zimasiya kufafanizana m'kanthawi kochepa kwambiri kuposa gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi. N'chifukwa chake sitiona mizere ya mipando kapena ya amphaka. N'chifukwa chakenso ambiri opanga makompyuta a quantum amaziziritsa timachipu tawo mpaka pafupi ndi madigiri -273 n'kutitchingira ku chilichonse.

Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi ku Luwinga amakonda kunena kuti nkhani inathera pamenepo. Takangana kangapo tikuyenda wapansi kukwera ku Katoto. "Achimwene," amatero, "chilengedwe chomwecho ndicho chimayeza. Mukufunanso chiyani?" Ndimamuyankha kuti ndikufuna yankho limodzi. Decoherence yonse ndi lamulo loyamba lomwe lija, kungoti mwaliwerengera pamodzi ndi mpweya ndi makoma. Palibe mbali ya funde imene yafufutika. Mbali yakuti makina alira ilipo, ndi mpweya wake wonjenjemera. Mbali yakuti ali chete iliponso, ndi mpweya wake wabata. Chimene chatha ndi kukumana kwawo basi. Decoherence imatiuza chifukwa chake mbali ziwirizo sizionananso, imatiuzanso chifukwa chake mayankho amakhala "alira" kapena "sanalire" m'malo mwa chisakanizo china chachilendo. Zimenezo ndi zambiri, ndipo ndimazilemekeza. Koma siyitiuza chifukwa chake khutu langa lamva limodzi. Zeh mwini wake ankazidziwa izi, n'chifukwa chake anatsamira kwa Everett.

Hugh Everett anali wophunzira ku Princeton pamene mu 1957 anataya mfundo yachitatu pa zitatu zija za Maudlin, yakuti tikayeza timapeza yankho limodzi. Anati collapse kulibe. Mbali zonse zimapitirira, womvetsera nayenso amagawika, wina wamva wina sanamve, ndipo aliyense amaona ngati yankho ndi limodzi. Ganizoli anthu anadzalitcha maiko ambiri. Masamu ake ndi oyera, palibe chowonjezera. Kuchuluka kwa maikowo sikundivuta, poti chilengedwe sichinalonjeze kukhala chaching'ono kuti ine mtima ukhale pansi. Chimandivuta ndi mwayi. Ngati mayankho onse amachitika ndithu, kunena kuti ili lili ndi mwayi wa 90 pa 100 ndipo ilo 10 pa 100 kukutanthauza chiyani? Pajatu manambala a Born amenewa ndiwo umboni umene tili nawo wakuti quantum mechanics ndi yoona. Otsatira Everett, monga David Deutsch ndi David Wallace, ayesa kuwatulutsa manambalawa kuchokera ku mfundo za mmene munthu wanzeru amasankhira pobetcha. Ena akhutira, ine sindinakhutire.

David Bohm mu 1952 anataya yoyamba, yakuti wavefunction imanena zonse, potsitsimutsa ganizo limene Louis de Broglie anapereka ku msonkhano wa Solvay ku Brussels mu 1927. Kwa iye elekitironi ili ndi malo ake enieni nthawi zonse ndipo imadutsa mpata umodzi, koma funde limadutsa yonse iwiri n'kumaiwongolera. Mtengo wake ndi uja anautchula Bell, kukhudzana kwa zinthu zotalikirana, ndipo kuyanjanitsa zimenezi ndi relativity ya Einstein, imene imati palibe uthenga wothamanga kuposa kuwala, n'kovuta. Palinso a QBism amene amati wavefunction ndi chiyembekezo cha woyeza basi. Amenewa amalilambalala funso lakuti kunjako kukuchitika chiyani, pamene ine funso langa ndi lomwelo.

Mu 1986 Giancarlo Ghirardi, Alberto Rimini ndi Tullio Weber, a ku Italy, anataya yachiwiri. Anati equation ya Schrödinger ndi yoona pafupifupi, osati kotheratu. Funde la kanthu kalikonse limagwa lokha, popanda woyeza, kamodzi pa zaka mamiliyoni mazana angapo. Kwa elekitironi imodzi simungazindikire, mizere idzaoneka monga mwa nthawi zonse. Koma singano ya chida choyezera ili ndi tinthu toposa 1 wotsatidwa ndi maziro 20, tonse tomangana. Kamodzi kakagwa kamakoka tonse, ndipo pa khamu lotere kamodzi kamagwa m'kagawo kakang'onong'ono ka sekondi. Mphaka sakhala pakatikati ngakhale nthawi yophethira. Lajos Diósi ndi Roger Penrose anapereka ganizo lofanana nalo, kungoti iwo amati chogwetsa funde ndi gravity.

Mtima wanga uli kuno, ndipo chifukwa chake n'chimodzi: njira iyi ingathe kugwidwa ikunama. Everett, Bohm ndi a Copenhagen amalosera manambala ofanana mu labotale, choncho mkangano wawo umathera pa pepala. Koma ngati funde limagwa lokha, kugwako kumagwedeza tinthu pang'ono, ndipo tinthu tokhala ndi mphamvu ya magetsi tikagwedezeka timatulutsa cheza chofooka. Cheza chimenecho n'chotheka kuchisaka. Pansi pa phiri la Gran Sasso ku Italy, pamene thanthwe lokhuthala mamita pafupifupi 1,400 limatchinga cheza chochokera kumwamba, akatswiri anaika chida cha germanium n'kudikira. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2020 sizinapeze cheza chochuluka monga mmene mtundu wosavuta wa ganizo la Diósi ndi Penrose unkafunira, ndipo mtundu umenewo unagwa. Wina angati imeneyi ndi nkhani yoipa kwa mbali imene ndimaikonda. Ine ndinasangalala nayo, chifukwa funso limene kwa zaka zambiri ankati n'la afilosofi linali litalowa mu labotale n'kuyankhidwa kagawo.

Njira ina yosakira ndiyo kukulitsa chinthu chodutsa m'timipata. Mu 2019 gulu la Arndt linaona mizere ndi mamolekyu a maatomu ofika 2,000. Ena akuyandamitsa timipira tagalasi tating'onoting'ono pa kuwala kwa laser m'malo opanda mpweya, n'kutiziziritsa mpaka kugwedezeka kwake kutsale kochepetsetsa kumene quantum mechanics imalola, kuti tsiku lina atiike malo awiri nthawi imodzi. Decoherence yochokera ku mpweya wotsalira ndi kutentha amaiwerengera pasadakhale. Mizere ikadzazimiririka msanga kuposa mmene kuwerengerako kukunenera, tidzadziwa kuti collapse ndi chinthu chenicheni chokhala ndi liwiro lake, ndipo equation ya Schrödinger idzafunika kuwonjezeredwa. Ikadzapitiriza kuoneka chinthu chikukulirakulira, malo a Ghirardi ndi anzake adzapanikizika mpaka kutha, ndipo pa ofuna kunena chimene chikuchitikadi adzatsala Bohm ndi zinthu zake zokhudzana patali, ndi Everett ndi maiko ake. Zikadzatero ndidzatsamira kwa Bohm, ngakhale ndikudziwa kuti ngongole yake kwa relativity sinabwezedwe.